Zisudzo zoyenda m'masukulu: tikonze bwanji ndondomeko ya chaka chonse?

Nangondo wa ku Dedza

Moni nonse akuluakulu. Gulu lathu la zisudzo lili ndi anthu 9, ndipo mpaka pano timasewera m'maholo a paboma ndi pamisonkhano akatiitana. Chaka cha sukulu chikubwerachi tikufuna tiyambe kuyenda m'masukulu mwadongosolo, a pulayimale ndi a sekondale omwe, makamaka ma CDSS a kuno ku Dedza, kuyambira cha ku Linthipe mpaka kutsikira ku Mtakataka. Zongofika, kusewera, kuomberedwa m'manja n'kumapita sitikuzifuna. Tikufuna aphunzitsi aone kuti tawapepuza ntchito, kuti chaka chinacho adzatiitane okha.

Ndiye ndithandizeni inu amene mumaidziwa ntchitoyi. Miyezi yabwino yoyendera ndi iti? Chilolezo chimachokera kwa ndani, ahedi okha akwanira? Sewero litalike bwanji? Tizipita ife kusukulu kapena tizisonkhanitsa masukulu angapo muholo imodzi? Nanga ndalama tizitolera motani posakhumudwitsa makolo? Zida tili nazo ndi sipika imodzi ya batire, mayikolofoni awiri ndi nsalu yakuda yotchingira kumbuyo.

aPhiri a Drama

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi kalendala, chifukwa magulu ambiri amagwera pamenepa asanaponde n'komwe pasiteji.

Teremu yachitatu muichotseretu m'maganizo. Imeneyo ndi ya MANEB. A Sitandade 8 amalemba PSLCE cha mu Meyi, JCE imatsatira, kenako MSCE imatenga kumapeto kwa Juni mpaka mu Julayi. Nthawi imeneyo holo ndi makalasi akuluakulu amasanduka zipinda za mayeso, aphunzitsi ena amatumizidwa kukayang'anira mayeso kusukulu zina, ndipo mlendo saloledwa kumangoyendayenda pasukulu. Inu miyezi imeneyo muigwiritse ntchito polemba makalata, kukumana ndi aphunzitsi ndi kuyeserera sewero.

Nthawi yeniyeni yoyendera ndi teremu yoyamba, kuyambira sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chinayi. Masabata awiri oyambirira ahedi amakhala ali pakalembera, a Fomu 1 sanakhazikike, tebulo la maphunziro likusinthasinthabe. Masabata awiri otsiriza ndi a mayeso a teremu. Zikutanthauza kuti muli ndi masabata 6 kapena 7, kuchokera kumapeto kwa Seputembala mpaka mkati mwa Novembala, mvula isanakhwime. Masukulu a kumidzi, ofikika ndi misewu ya fumbi, muwaike m'nyengo imeneyi. A m'mbali mwa tala, monga otsatira msewu wa M1, muwasungire teremu yachiwiri, chifukwa mu Januwale ndi Febuluwale galimoto ikalowa kumidzi imatha kugona m'matope. Teremu yachiwiriyo musadutse sabata yachisanu ndi chiwiri, poti a Fomu 4 ndi a Sitandade 8 amakhala ayamba za mayeso a moko. Ngakhale mutawerengera masiku atatu pasabata, masukulu awiri patsiku, masiku olephereka amachuluka, choncho masukulu 25 pachaka choyamba ndi okwana. Musalonjeze 60.

Za chilolezo, ahedi okha sakwanira, ndipo ahedi ochenjera adzakufunsani kalata ya kumtunda asanakupatseni mpando. Za pulayimale mumayambira ku ofesi ya maphunziro ya boma, kumene ambiri timangoti kwa DEM. Kalata yanu ikadindidwa, mupite nayo kwa PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale, wa zoni iliyonse ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirako. Mukampemphe mphindi 10 pamsonkhano wa mahedi a m'zoniyo. Mphindi 10 zimenezo zimakupezerani masukulu ambiri kuposa kuyenda pakhomo ndi pakhomo mwezi wathunthu. Za sekondale n'zosiyana: Dedza ili pansi pa Central West Education Division ku Lilongwe, ndiye kalata ikachokere kumeneko. Sukulu ikakhala ya mishoni, dziwitsaninso eni ake. Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi: dzina la gulu, mutu wa sewero ndi chidule chake m'mizere isanu, makalasi amene mukufuna, kutalika kwake, chiwerengero cha anthu obwera, ndiponso ngati pali cholipira. Mfundo yomalizayi musaibise. Ikatulukira mochedwa, kalata yodindidwa ija siyikuthandizaninso.

Pasukulu iliyonse pezani munthu mmodzi wolankhula naye, kawirikawiri patroni wa kalabu ya drama kapena mkulu wa dipatimenti ya ziyankhulo. Ahedi amavomera koma amaiwala, chifukwa ali ndi zambiri. Patroni ndi amene amasesetsa holo ndi kusonkhanitsa ana. Muimbireni kutatsala masiku atatu, mudzaimbenso m'mawa wa tsikulo musanayatse galimoto. Mufunse za maliro m'mudzi, chifukwa pakagwa zovuta pafupi ndi sukulu ng'oma ndi sipika siziyenera kumveka. Sukulu iliyonse ikhale ndi tsiku lachiwiri lolembedweratu.

Nthawi ya tsiku nayo njofunika. Ku sekondale piriyodi ndi mphindi 40, choncho pemphani mapiriyodi awiri otsatizana, kapena masana a tsiku la makalabu. Ma CDSS ambiri amakhala ndi ophunzira a open, aja obwera anzawo akaweruka, masana m'makalasi omwewo, ndiye funsani ngati chipinda chikhale chopanda anthu. Ku pulayimale ana a makalasi ang'onoang'ono amaweruka msanga, ndipo kumene kuli phala musayambe asanamwe: mwana akamva fungo la phala sewero latha. Lachisanu masana mulipewe m'madera momwe muli Asilamu ambiri, ndipo tsiku la msika waukulu wa m'deralo ana amachepa m'kalasi, zimenezo mphunzitsi aliyense angakuuzeni.

Jere wa Siteji

AMalume aPhiri anena za mapepala, ine ndilowe za bwalo.

Pitani inu kusukulu. Anthu 9 ndi katundu wawo amakwana mu minibasi imodzi, pamene ana 300 afunika makositala oposa 10, makalata a makolo, aphunzitsi operekeza, ndi chakudya. Komanso musatenge onse 9 tsiku lililonse. Lembani sewero la osewera 5 kapena 6, aliyense atenge mbali ziwiri, mmodzi akhale woyang'anira zida ndi nthawi, wina wotsogolera zokambirana. Otsalawo aphunzire mbali za anzawo, chifukwa pamasabata 7 wina adzadwala malungo, wina adzasasa mawu.

Kutalika kumatsata msinkhu. Sitandade 1 mpaka 4, mphindi 20 kapena 25, nyimbo yoti ana ayankhe ibwere mphindi zisanu zilizonse. Sitandade 5 mpaka 8, mphindi 35. Sekondale, mphindi 45, osapitirira 50. Mapiriyodi awiri aja ndi mphindi 80, koma mphindi 10 zimathera kulowa ndi kukhala pansi, ndiye zokambirana zimatsala ndi 25. Sewero likafika ola lathunthu, belu lidzalira mukungoyamba kufunsa mafunso. Ndipo musasakanize a Sitandade 2 ndi a Sitandade 8 pabwalo limodzi. Aang'ono amatopa n'kuyamba kulira kapena kumenyana, akuluakulu amachita manyazi kuyimba nawo. Seweroli libwerezeni kawiri, n'kwabwino kuposa kamodzi kwa chikhamu.

Chiwerengero: popanda chokuzira mawu, panja, ana 150 mpaka 200 ndiye malire. Kupitirira apo a kumbuyo samva, ndipo mwana wosamva amayamba nkhani zake, phokoso limayenda kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo. Ahedi adzafuna sukulu yonse ionere, ana 1,000 kapena kuposa. Kanani mwaulemu, mugawe magulu.

Posankha malo panja, funani khoma la kalasi likhale kumbuyo kwa osewera, chifukwa limabweza mawu kwa oonera. Pansi pa mtengo pakatikati pa bwalo pamaoneka pabwino koma mawu amamwazika. Dzuwa likhale kumbuyo kwa oonera, liwale pankhope za osewera. Mukatembenuza, ana amangoona zithunzithunzi ndipo amatsinzina. Mphepo izichokera kwa osewera kupita kwa ana. Malo osewerera ayezeni mamita 6 m'litali, 4 m'lifupi, muwazungulize ndi chingwe kapena phulusa, apo ayi ana amasendera pang'onopang'ono mpaka mupeza mukusewera pa mita imodzi. Khalitsani ana ngati uta: mizere isanu yoyamba pansi, kenako mabenchi, oima kumbuyo. Siyani kanjira pakati. Mapulifekiti ndi aphunzitsi akhale m'mbali ndi kumbuyo pakati pa ana, osati pamipando yapamwamba kutsogolo. Ana osamva bwino ndi osaona bwino akhale mzere woyamba, ndipo mwana wachialubino asakhalitsidwe padzuwa, mfunireni mthunzi. Ku Mtakataka ndi ku Golomoti mu Okutobala sewerani isanakwane 10 koloko, kutentha kwa kumeneko si kwa ku Bembeke.

M'holo muli mavuto ake. Simenti pansi, malata pamwamba, mawu amabwererabwerera. Holo yopanda anthu imanamiza poyeserera, ikadzaza matupi amamwa phokosolo. Mankhwala ake si kukuwa, koma kulankhula pang'onopang'ono ndi kumaliza mawu. Mvula ikagunda malata opanda siling'i, imani, muyambitse nyimbo, mudikire. Palibe wosewera angapose mvula ya pamalata.

Sipika yanuyo muigwiritse ntchito pa nyimbo ndi pa zokambirana basi. Mayikolofoni awiri kwa osewera 6 amaononga sewero: kupatsirana kumapha liwiro, ndipo wopanda mayikolofoni amamveka ngati akunong'ona. Sipika ikhale kutsogolo kwa mzere wa osewera, itayang'ana kwa ana, itakwezedwa patebulo kufika m'mapewa. Kulira kwa tswii kuja kumabwera mayikolofoni akakhala kutsogolo kwa sipika, mawu n'kumazungulira. Itchajeni usiku, musadalire magetsi a pasukulu. Mukadzagula jenereta, iziikidwa kuseri kwa nyumba, mamita 30 kuchoka pabwalo, kebulo yake yotambasula yonse, chifukwa yokulungidwa imatentha. Nsalu yakudayo isokereni thumba m'munsi muzilowetsamo nsungwi, mphepo ingamaikweze n'kuonetsa anthu akuvula. Katundu yense atsike ndi kumangidwa m'mphindi 20. Chimene sichikwana m'mphindi 20 chitsale kunyumba.

Mayi Nabanda

Achemwali, mwanena kuti mukufuna aphunzitsi adzakuitaneni okha. Ndiye mvetsani chimene mphunzitsi amaopa: kutaya mapiriyodi awiri, silabasi ili m'mbuyo, n'kutsala ndi ana osokonekera. Mukamuonetsa kuti mapiriyodi awiriwo akugwira ntchito ya m'sikimu yake, ndondomeko ya zimene akuyenera kuphunzitsa teremuyo, mwamugwira mtima.

Musanalembe sewero, khalani pansi ndi aphunzitsi 5 kapena 6 ku TDC, silabasi ili patebulo. Ku pulayimale khomo lanu ndi Expressive Arts, Life Skills ndi Chichewa. Ku sekondale ndi Chichewa, Chingerezi, Life Skills ndi Social Studies. Afunseni mitu imene imawavuta kuphunzitsa, osati imene inu mukuiona kuti njofunika. Kawirikawiri adzatchula zinthu zimene pabolodi zimauma: kusiyanitsa mpangankhani ndi mtengambali, kupeza chimake cha nkhani, kulemba zokambirana za anthu awiri, kukana chikakamizo cha anzako. Sewero limaonetsa zimenezi mwachangu kuposa choko.

Kenako konzani kapepala ka mphunzitsi, masamba awiri okha, kutsogolo ndi kumbuyo. Buku la masamba 20 limakathera m'kabati ya ahedi. Tsamba loyamba likhale la sewero lisanafike: chidule chosaulula mathero, mayina a atengambali, mawu 8 kapena 10 achilendo, ndi mafunso atatu oti ana abwere nawo m'mutu. Lachiwiri likhale la pambuyo: ntchito zitatu zokwana piriyodi imodzi iliyonse, zosafuna chida china koma choko ndi kope. Mwachitsanzo, kulemba kalata kwa mtengambali mmodzi, kusintha mathero m'magulu a ana 6, kapena kuika mtengambali pampando kutsogolo kuti kalasi imufunse mafunso. Kumbukirani kuti kalasi ikhoza kukhala ya ana 90, ndiye ntchito yoti aliyense aimirire n'kusewera siyitheka. Pambali pa ntchito iliyonse lembani mutu wa m'silabasi umene ikukhudza. Kapepalaka kafike sabata imodzi inu musanafike, pamanja pa patroni komanso pa WhatsApp.

Tsopano za sewero lenilenilo, ndipo apa ndilankhule mosapsatira. Ana athu atopa ndi zisudzo za uphungu. Mtsikana akangolandira foni kwa bambo wa galimoto, a Fomu 1 amadziwa kale kuti kubwera mimba, kenako kulira, kenako wina aima kutsogolo kunena phunziro. Amaombera m'manja mwaulemu, koma palibe chalowa. Lembani nkhani imene mbali zonse ziwiri zili ndi chifukwa chomveka: mayi amene akufuna mwana akagulitse mbatatesi pamsika chifukwa pakhomo palibedi ufa, si mfiti. Ana akagawanika pa funso lakuti wolakwa ndani, ndiye kuti muli ndi sewero.

Njira yothandiza ndi ija idatchuka ndi Augusto Boal wa ku Brazil, imenenso a zisudzo za chitukuko (Theatre for Development) kuno akhala akuigwiritsa ntchito m'njira zawo kuyambira masiku a Chris Kamlongera ndi David Kerr ku Chancellor College. Mumasewera mpaka pamene zinthu zafika poipa, n'kuima. Wotsogolera amafunsa: pamenepa akanatani? Mwana akayankha, samuombera m'manja n'kupitirira, amamuitana alowe m'malo mwa mtengambaliyo ayese. Osewera anu asamufewetsere, alimbe monga momwe munthu weniweni angalimbire. M'mphindi 25 mumakwana ana atatu kapena anayi. Zimene zimalakwika ndi izi. Wotsogolera amasanduka mlaliki, n'kumayankha yekha mafunso ake. Anyamata a Fomu 4 amalanda bwalo, atsikana osatsegula pakamwa, ndiye perekani mphindi ziwiri zoti aliyense akambirane ndi woyandikana naye, kenako muziitana mosinthanitsa. Ndipo ahedi akaimirira kuti athirepo ndemanga pakati, ana amatseka pakamwa mpaka mapeto. Gwirizanani nawo poyamba kuti mawu awo abwera potsekera.

Mfundo za m'sewero zikhale zoona. Ngati mukukhudza maukwati a ana, lamulo la 2015 la maukwati lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane nazo. Ngati mukukhudza mimba, pali ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, idayamba mu 1993. Wosewera akanena zolakwika pasiteji, mphunzitsi amatha teremu akukonza.

Chomaliza, ndipo ichi si chokambirana. Sewero lokhudza nkhanza limatsegula pakamwa ana ena, ndipo mwana amathamangira kwa wosewera amene wamukhudza mtima. Gulu lonse lidziwiretu chochita: kumvetsera poonekera, osalonjeza kusunga chinsinsi, osafufuza ngati wapolisi, n'kumupereka kwa mphunzitsi amene mwagwirizana naye kale kapena kwa amayi a mother group. Nambala yaulere ya 116 itchulidwe ndi kulembedwa pabolodi. Wosewera asakhale yekha ndi mwana m'chipinda, asapatsane manambala a foni ndi ophunzira, ndipo zithunzi zoonetsa nkhope za ana zisapite pa Facebook popanda chilolezo. Mnyamata mmodzi wa m'gulu akalakwitsa pamenepa, zoni yonse imakutsekerani zitseko, ndipo amakhala akuchita bwino kutero.

Mbewe

Za ndalama palibe wazikhudza, ndiye ndilowepo. Komanso ndikutsutsana pang'ono ndi achimwene a Jere.

Yambani ndi mtengo wa tsiku limodzi, osati wa mwana mmodzi. Phatikizani hayala ya galimoto ndi mafuta, chakudya chamasana, malipiro a osewera, kusindikiza timapepala ta aphunzitsi, mayunitsi, n'kuonjezapo gawo limodzi mwa magawo 10 la zogwa mwadzidzidzi. Masiku oyeserera nawonso ndi ntchito, agaweni pa masiku oyenda. Mukapeza chiwerengerocho, chigaweni pawiri, ndiwo mtengo wa sukulu imodzi. N'chifukwa chake masukulu awiri a tsiku limodzi asatalikirane kuposa makilomita 15. Mitengo muiunikenso teremu iliyonse, poti kwacha siikhala malo amodzi. Amene adalemba bajeti mu Okutobala 2023 adaona zakuda ndalama itagwa ndi 44 peresenti mwezi wotsatira.

Ku pulayimale musalipiritse pakhomo. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo mwana akabwezedwa pabwalo la sukulu yake, nthawi ya sukulu, chifukwa alibe ndalama, nkhaniyo ikafika kwa PEA dzuwa lisanalowe. Mbali imeneyi ifunireni wothandiza: bungwe logwira ntchito m'boma lanu, kampani, kapena komiti ya sukulu ngati yavomera yokha. Ku sekondale gwirizanani mtengo umodzi ndi sukulu, osati ndi mwana aliyense. Masukulu ogonera konko ndi omwe si a boma amakhala ndi nthawi ya zisangalalo Loweruka, amenewo ndiwo angalipire mokwanira n'kunyamula ma CDSS. Theka liperekedwe tsiku likatsimikizidwa, lotsalalo musanatsitse katundu. Lisiti nthawi zonse. Airtel Money kapena Mpamba ikhale ya gulu, osati ya tcheya.

Wothandiza akapezeka, lembani pamgwirizano kuti iye akupereka mutu, sewero mulemba ndinu. Mukapanda kutero adzakubweretserani mauthenga 12 oti alowe onse, ndipo mudzabwerera ku zisudzo zimene Mayi Nabanda akudandaula nazo.

Malamulo awiri oti musawalumphe. Sewero loonetsedwa kwa anthu limagwa pansi pa lamulo la 1968 loona za zisangalalo, choncho pitani ku Censorship Board ndi sewero lolembedwa musanayambe kuyenda. Ndipo ngati mukugwiritsa ntchito nyimbo za oimba ena kapena sewero la wolemba wina, funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso. Chophweka ndi kupeka nyimbo zanu, ng'oma ndi mawu basi.

Pamene ndikusiyana ndi a Jere ndi apa. Kupita kusukulu n'kotchipa, inde, koma kamodzi pachaka sonkhanitsani masukulu. Osati kuwakweza magalimoto: sankhani sukulu ya pakati pa kilasita (gulu la masukulu oyandikana), yoti ena afike wapansi kapena panjinga, ana 30 pasukulu, masukulu 5. Inu musewere kamodzi, kenako kalabu iliyonse ionetse kachidutswa ka mphindi 10. Mwana amene wangoonera amaiwala, amene wasewera pamaso pa sukulu ina saiwala. Zisudzo za dziko lino zambiri zidakulira m'mipikisano ya masukulu: ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, idayamba mu 1969, ndipo Du Chisiza Jr adadziwikira kumeneko asanakhazikitse gulu lake la zisudzo la Wakhumbata mu 1987. Lero kulinso NASFEST, chikondwerero cha zaluso cha masukulu. Mapatroni ambiri amafunitsitsa wowathandiza kukonzekera mipikisano imeneyi, ndiye tsiku lotere kwa iwo ndi phindu looneka.

Jere wa Siteji

Za kilasita ndavomera, bola likhale Loweruka m'mawa ndipo lithe 1 koloko, ana oyenda wapansi akafike kwawo kukuwala. Onani kaye ngati mwa masukuluwo mulibe ambiri opembedza Loweruka. Zimbudzi ndi madzi akumwa muziyendere dzulo lake. Ndipo pasakhale chikho. Mukangoika woyamba ndi wachiwiri, mapatroni amayamba kukangana za oweruza, ana n'kuiwalika.

Nangondo wa ku Dedza

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. Mafunso awiri otsala. Aphunzitsi ena atiuza kale kuti tizingosewera mabuku a literature a MSCE, akuti ndiwo angakope a Fomu 3 ndi 4. Kodi n'zanzeru? Chachiwiri, m'sewero limene tikuliganizira muli chigawo cha kudambwe, ndipo mnzathu wina akufuna tisoke chigoba cha gule. Mayi Nabanda ndi aPhiri, mukuti bwanji?

Mayi Nabanda

Mabuku a mayeso amakopadi, ndipo ahedi salimbalimba kupereka mapiriyodi. Koma buku lonse m'mphindi 45 musayese, mumangothamanga ndipo ana amatenga zimene mwadumpha ngati kuti m'buku mulibe. Choopsa china n'chakuti mukasintha kanthu kuti anthu aseke, mwana amakalemba zimenezo pamayeso. Sankhani zigawo zitatu zimene aphunzitsi akuti zimavuta, mawu ake akhale a m'buku ndendende, ndipo ana abwere ndi mabuku awo. Sewerani chigawo, imani, funsani, kenako chisewereninso mtengambali yemweyo atasintha mtima wake, mwina poyamba waukali, kachiwiri wamantha, ana anene kuti mawu a m'buku akugwirizana ndi kuti. Pa buku la Chingerezi sewerani m'Chingerezi, zokambirana ziyambe m'Chichewa, mfundo zomaliza zilembedwe pabolodi m'Chingerezi. Mndandanda wa mabuku umasintha pakapita zaka, ndiye tsimikizani ndi aphunzitsi a chaka chimenecho musanaloweze mzere ndi umodzi womwe. Wolemba akakhala wa masiku ano, chilolezo chija a Mbewe anena chikufunika.

aPhiri a Drama

Chigobacho musasoke, mayi. Ku Dedza gule si chovala cha pasiteji, ali ndi eni ake, ndipo pakati pa ana oonerawo pali olowa ndi osalowa. Mukaonetsa munthu akuvala chigoba kuseri kwa nsalu, mwalakwira mafumu. Mukachibweretsa pasukulu ya mishoni, mwalakwiranso mbali inayo. Chigawocho chisewereni ndi mawu okha: ng'oma ilire kuseri kwa khoma, atengambali atembenuke, amayi akokere ana m'nyumba. Mwana aliyense wa kumeneko adzadziwa chimene chikudutsa, ndipo mantha ake amakula kuposa a chigoba chosokedwa ndi telala. Ngakhale zili choncho, chidule cha sewerolo mukawawerengere a gulupu a m'deralo limodzi ndi a komiti ya sukulu, tsiku lomwe mukukaonana ndi ahedi.